Chigayo chikazima, eni ake ena amadzuka

Anthu amene agwirapo ntchito m'nyumba zosungiramo chimanga amati thumba lofumbwa limalankhula. Usiku kukakhala zii, mlonda akayandikitsa khutu pamulu wa matumba, amamva kaphokoso kosalekeza, ngati mvula yowaza pa udzu wouma. Amenewo ndi anankafumbwe, ali kalikiliki kudya. Akapisa dzanja m'thumba, chimanga chimakhala chofunda ngati changochoka padzuwa, chonsecho chakhala mumthunzi miyezi itatu. Kufundako kumachokera m'matupi a tizilombo tikamapuma. Kumabwera ndi chinyezi, ndipo pamene pali chinyezi chimanga sichichedwa kuchita chuku.

Zikafika apa, mawu oyamba a mwini katundu ndi odziwika: itanani wopopera mankhwala. Koma moyo wa nankafumbwe weniweniwo umasonyeza chifukwa chake kupopera pakokha sikukwanira. Wamkazi amaboola kabowo pa njere, n'kuikiramo dzira limodzi, n'kumatapo ndi zomata zochokera m'thupi mwake. Amatero njere ndi njere mpaka mazira kupitirira 100. Mphutsi imaswa m'kati momwemo, imadya momwemo, imasandukanso momwemo, ndipo imatuluka ili nankafumbwe wathunthu patatha mwezi umodzi kapena masabata asanu kukakhala kotentha. Bowo limene mayi amaliona akamapeta chimanga pa lichero ndi khomo lotulukira. Lolowera silioneka ndi maso. Choncho wopopera akathira mankhwala pamakoma ndi pamwamba pa matumba, amapha makolo amene akuyenda poyera, pomwe ana onse ali otsekeredwa bwinobwino m'njere, kudikira tsiku lawo.

Vutoli si la osauka okha. Mu Seputembala 2010, kampani ya Abbott ku America inaitanitsa m'masitolo zitini ndi makontena pafupifupi 5 miliyoni a mkaka waufa wa makanda wa Similac, itapeza tizikumbu pa fakitale yake ya ku Sturgis m'chigawo cha Michigan. Chaka cha 2009 chinali ndi nkhani yowawa kuposa imeneyi. Chiponde ndi mtedza wochokera ku fakitale ya Peanut Corporation of America ku Blakely, m'chigawo cha Georgia, zinadwalitsa anthu oposa 700 ndi majeremusi a salmonella, ndipo anthu 9 anamwalira. Oyendera a boma atalowa m'fakitalemo anapeza denga lodontha, nkhungu ndi mphemvu. Mwini wake, Stewart Parnell, analamulidwa mu 2015 kukhala m'ndende zaka 28 chifukwa chotumiza katundu akudziwa kuti ndi woipitsidwa. Mphemvuzo sizinali mlandu wake waukulu, koma zinali umboni wa mmene nyumbayo inkasamalidwira, ndipo nthawi zambiri tizilombo m'malo opangira chakudya timakhala mboni za mtundu umenewu.

Njira imene akatswiri amalimbikitsa lero imatchedwa integrated pest management pa Chingerezi, mwachidule IPM, kutanthauza kuphatikiza njira zosiyanasiyana pothana ndi tizilombo. Inabadwira m'munda, osati m'fakitale. Mu 1959 akatswiri anayi a ku University of California, Vernon Stern, Ray Smith, Robert van den Bosch ndi Kenneth Hagen, analemba zimene anaona m'minda ya msipu wa ziweto: mankhwala ankapha nsabwe za m'masamba pamodzi ndi adani ake, nsabwezo n'kubwerera zitachuluka komanso zitazolowera poizoni. Iwo anati mlimi ayambe wawerenga tizilombo, adziwe mlingo umene kuwononga kwake kumaposa mtengo wa mankhwala, ndipo apopere pokhapokha mlingowo ukayandikira. Patatha zaka zitatu, buku la Rachel Carson la Silent Spring linafikitsa nkhawa yomweyo kwa anthu wamba.

M'nyumba ya chakudya ganizoli limasintha pang'ono. Mlimi angalole mbozi zingapo m'munda wa thonje, koma wogula akapeza mphutsi imodzi m'paketi ya ufa sabweranso. Komanso m'munda mankhwala amagwera pa masamba, pomwe m'fakitale angagwere m'chakudya chimene chikupita m'kamwa mwa mwana. Malo oyendamo ndi opapatiza: tizilombo sitiloledwa, poizoni nayenso saloledwa. Ngakhale zili choncho, malamulo enieni amavomereza kuti chakudya chochokera kumunda sichingayere kotheratu. Bungwe la FDA la ku America limayamba kuchitapo kanthu ufa wa tirigu ukapezeka ndi tizidutswa ta tizilombo 75 kapena kuposa pa magalamu 50 alionse.

Kwa zaka zambiri eni zigayo zikuluzikulu sankavutika kuganiza zonsezi chifukwa anali ndi mpweya wa methyl bromide. Ankatseka fakitale kumapeto kwa sabata, n'kufukiza nyumba yonse, Lolemba n'kuyambiranso ntchito. Kenako zinadziwika kuti mpweyawu umawononga ozoni, chophimba cha m'mlengalenga chimene chimatchinga ukali wa dzuwa. Mayiko anagwirizana pansi pa pangano la ku Montreal kuti olemera asiye kuugwiritsa ntchito pofika 2005 ndipo osauka pofika 2015, kupatula pa katundu wodutsa m'malire. Malawi, amene ankaugwiritsa ntchito kwambiri m'manazale a fodya, anasiya msanga, mu 2004. Kuchoka kwa mpweyawu n'kumene kunakakamiza eni mafakitale ambiri kutola tsache ndi kuyamba kuwerenga tizilombo.

Chimene ambiri anatsala nacho ndi phosphine, mpweya wotuluka m'mapiritsi otuwa aja a aluminium phosphide amene amafukizira chimanga. Piritsi limodzi la magalamu atatu likakumana ndi chinyezi cha mumpweya limatulutsa galamu imodzi ya poizoni. Ndi wotsika mtengo, amalowa mpaka m'kati mwa njere momwe muli mphutsi, ndipo sasiya zotsalira zambiri m'chakudya. Koma ali ndi lamulo lake louma: amagwira pang'onopang'ono. Mazira ndi tizilombo timene tili pakati posanduka timapuma pang'ono kwambiri, ndiye poizoniyo ayenera kukhala m'mulu wotsekedwa ndithu kwa masiku asanu kapena asanu ndi awiri, mwinanso kuposa, kuti tonse tifike pa msinkhu umene angatiphe. Tenti yofundira mulu ikakhala yobooka, kapena m'mphepete mwake mukapanda kupsinjidwa bwino ndi timatumba ta mchenga, mpweya umathawa tsiku lachiwiri. Ofooka amafa, olimba amatsala, ndipo olimbawo ndi amene amaswana.

Izi zinayamba kuoneka kalekale. Kafukufuku wa bungwe la FAO wa mu 1972 ndi 1973 anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tizilombo totengedwa m'mayiko osiyanasiyana tinali titayamba kale kupirira phosphine. M'zaka za m'ma 1980 kupirira kwamphamvu kunapezeka ku Bangladesh, kumene nyumba zosungiramo mbewu zinkafukizidwa mobwerezabwereza zili zosatsekeka bwino. Ku Australia, dziko limene limatumiza kunja tirigu wambiri ndipo limalonjeza ogula kuti mulibe kachilombo kamoyo ngakhale kamodzi, vutoli linakula mpaka anakhazikitsa muyezo wa nkhokwe zazitsulo zosatulutsa mpweya, ndipo akatswiri akumeneko anapeza majini awiri amene akakumana m'kachilombo kamodzi amakapatsa mphamvu yopirira poizoni wochuluka kwambiri. Aliyense amene amaponya piritsi m'thumba wamba la chimanga n'kumanga pakamwa akuchita nawo ntchito yoweta tizilombo totere. Choopsa kwambiri n'chakuti thumba lotero nthawi zambiri limagona m'nyumba momwe mukugona anthu. Phosphine alibe mankhwala omuchotsera mphamvu m'thupi, ndipo wapha mabanja m'tulo m'mayiko ambiri. Ndi chifukwa chake malamulo, kuphatikizapo a bungwe la Pesticides Control Board ku Malawi, amafuna kuti kufukiza kuzichitidwa ndi anthu ophunzitsidwa ndi ololedwa okha.

Nanga ntchito yeniyeni imayambira pati? Imayambira pa kudziwa dzina la mdani, ndipo Amalawi anaphunzira zimenezi movutika. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ku Tabora, ku Tanzania, kunatulukira kachikumbu kochokera ku Mexico ndi Central America, Prostephanus truncatus, kamene alimi akumeneko anakatcha Scania pokumbukira malole akuluakulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kanalowa m'Malawi kudzera ku Karonga. Nankafumbwe wamkulu ameneyu sangodya njere: amasandutsa chimanga ufa, amaboola zitsononkho, makaka a chinangwa, ngakhale mitengo ya nkhokwe imene. Mankhwala a pirimiphos-methyl, amene ankapha nankafumbwe wamba, sankamugwira bwino, mpaka anawasakaniza ndi permethrin n'kupanga Actellic Super. Uphungu wa alangizi unasinthanso, kuchoka pa kusunga chimanga chosatonola m'nkhokwe kupita pa kutonola, kuthira mankhwala ndi kuika m'matumba. Akatswiri anakatenganso kwawo kwa kachilomboko mdani wake wachilengedwe, kachikumbu ka Teretrius nigrescens kamene kamadya mazira ndi mphutsi zake, n'kukamasula koyamba ku Togo mu 1991.

M'chigayo ndi m'malo ophikira buledi adani ndi ena. Muli tizikumbu tofiirira ta Tribolium, timene sitingaboole njere yathunthu koma timakonda ufa ndi madeya, ndipo tikachuluka timatulutsa madzi onunkha amene amaipitsa ufa wonse. Muli njenjete zimene mphutsi zake zimaluka ulusi m'mipope ya ufa mpaka makina kutsekeka. M'zipinda zonyowa muli mphemvu zazing'ono zija zimene yaikazi imayenda itanyamula kathumba ka mazira 30 kapena 40. Kudzala kuli ntchentche, zimene kukatentha zimachoka pa dzira kufika pouluka m'masiku 7 mpaka 10. Chilichonse chili ndi pogona pake ndi chakudya chake, ndipo dzina likadziwika, wofufuza amadziwa kolowera: Tribolium amuloza ku ufa wakale wotsalira m'makina, touluka ting'onoting'ono ta pasinki timuloza ku ndere za m'ngalande, zimene zimachoka ndi bulashi osati ndi mankhwala.

Tizilombo tambiri sitithyola nyumba. Timalowa pakhomo lalikulu, titakwera lole. Choncho munthu wofunika kwambiri pa fakitale angakhale kalaliki wolandira katundu, amene amabaya matumba ndi chitsulo chotengera njere, kusefa, kununkhiza, kuyeza chinyezi, ndi kubweza lole yonse ngati pakufunika kutero. Chimanga chosunga chiyenera kuuma kufika pa 13 peresenti kapena kuyandikira pamenepo. Wopanda makina oyezera amagwiritsa ntchito botolo louma ndi mchere wouma: akathiramo njere n'kukhutchumula, mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimangacho chikadali chachiwisi. Nkhani ya chinyezi si yaing'ono, pakuti njere zoboola ndi zonyowa ndi zimene zimachita chuku chotulutsa poizoni wa aflatoxin, amene mu 2004 anapha anthu 125 kum'mawa kwa Kenya atadya chimanga choipa.

Katundu akalowa, amaikidwa pa mapaleti, patali ndi khoma moti munthu n'kudutsa ndi tochi ndi tsache, ndipo woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka. Zitseko zimafuna mphira pansi, mawindo amafuna sefa, ming'alu imafuna simenti. Mbewa imadutsa pampata wa mamilimita 6, ndiye kachikumbu kangalephere pati? Magetsi a panja nawonso ali ndi malo ake. Amene anaonapo ngumbi zikuunjikana pa babu mvula yoyamba itagwa amamvetsa chifukwa chake nyale yowala siyenera kukhala pamwamba pa chitseko cha fakitale. Imaikidwa pa mtengo chapatali, kuwala kwake n'kumaloza kuchitseko, kuti zouluka zikasonkhane kumeneko.

Kusesa n'kumene kumalemera kuposa zonse, ndipo n'kumene kumanyozeka. Pansi poonekera aliyense amakolopa. Koma kachikumbu ka mu ufa sikafuna thumba lathunthu. Ufa wodzaza supuni, wotsalira pansi pa chikepe chokwezera mbewu, m'bokosi la magetsi, pamwamba pa mtanda wa denga kapena m'mwendo wa makina wobooka m'kati, ungalere mibadwo ingapo. Chigayo chikazima madzulo, makina akadali ofunda, eni ake enawo amatuluka m'malo amenewa. Mafakitale osamala amakhala ndi ndandanda yomasula makina ndi kuyeretsa m'kati mwake pasanathe mwezi, ndipo chiwerengerochi sichinangolotedwa: akufuna kudula moyo wa kachilombo kasanafike poikira mazira. Amapewanso kupemerera fumbi ndi mpweya wa kompulesa, chifukwa kumangosamutsa ufa ndi mazira kupita kumene tsache silifika.

Kenako pamabwera misampha, imene anthu ambiri amaimva molakwika. Msampha wa m'fakitale ndi khutu ndi diso, si chida chomalizira nkhondo. Wa njenjete umakhala ndi fungo lopangidwa motsanzira limene yaikazi imatulutsa poitana yaimuna, ndipo zazimuna zimakakamira pa pepala lomata ngati mbalame pa ulimbo. Ogwira ntchito m'nyumba zosungiramo fodya ku Kanengo ndi ku Limbe amaidziwa misampha yotere, chifukwa kachikumbu ka fodya, Lasioderma serricorne, kamalondedwa mwa njira yomweyo, ndipo kachikumbu komweko kamadyanso zokometsera ndiwo ndi zakudya zouma. Phindu la msampha lili m'buku. Uliwonse umakhala ndi nambala ndi malo ake pa mapu a nyumba, umawerengedwa sabata ndi sabata, ndipo msampha nambala 12 ukachoka pa njenjete ziwiri kufika pa 20, woyang'anira amatenga tochi kukafufuza chimene chili pafupi nawo. Nthawi zambiri amapeza thumba loiwalika kuseri kwa mulu, kapena katundu wobwezedwa kuchokera kusitolo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi ya odekha.

Nyale zokopa ntchentche zili ndi malamulo akenso. Zija zothetheka ndi magetsi zimamwaza tizidutswa ta mapiko ndi miyendo, choncho pafupi ndi chakudya chosaphimba pamaikidwa za pepala lomata. Zimapachikidwa mmunsi, chifukwa ntchentche zimauluka chapansi, komanso posaonekera kunja kuopa kuitana za kudzala. Machubu ake amafooka mphamvu yokopa ngakhale akuyakabe m'maso mwa munthu, ndiye amasinthidwa chaka ndi chaka.

Zikavuta ndithu, kupha kumafunika, koma poizoni si njira yokhayo. Kale mu 1911 katswiri wa ku Kansas, George Dean, anasonyeza kuti kutenthetsa chigayo kumapha tizilombo ta mu ufa pa misinkhu yonse. Njirayi inaiwalika mankhwala ofukizira atatchipa, ndipo yabwereranso. Nyumba yonse imatenthedwa kufika pa madigiri 50 mpaka 60 kwa tsiku lathunthu kapena kuposerapo. Imafuna kusesa kaye, chifukwa mulu wa ufa umateteza zobisala m'kati mwake, ndipo simenti ya pansi imachedwa kutentha moti tizilombo timathawira m'ming'alu yake. Njira ina ndi kumana tizilombo mpweya. Matumba a PICS, amene anachokera ku kafukufuku wa Larry Murdock ndi anzake a ku Purdue University pa khobwe ku Cameroon, ali ndi mapulasitiki awiri m'kati mwa thumba wamba. Akamangidwa bwino, tizilombo timamaliza tokha okosijeni amene alimo, timasiya kudya, n'kuuma. Nkhokwe zamalata zotsekeka zimagwira ntchito mofananamo. Zonsezi zimafuna mbewu zouma bwino, ndipo khoswe akangoboola thumba, ntchito yonse yagwa.

Ngakhale nyambo ya mphemvu, imene inalowa m'malo mwa kupopera m'makhitchini ambiri, inaphunzitsa akatswiri kudzichepetsa. Mu 1993 katswiri Jules Silverman ndi mnzake analemba za mphemvu zimene zinasiya kudya nyambo chifukwa cha shuga wa glucose amene ankasakanizamo. Patatha zaka 20, ofufuza a ku North Carolina State University anapeza kuti m'kamwa mwa mphemvu zimenezi shugayo amamveka wowawa. Zimene zinkakonda kutsekemera zinafa, zodana nako zinatsala n'kuswana. Lero nyambo zimasinthidwasinthidwa, ndipo zimagwira bwino m'khitchini moyera, momwe mphemvu ilibe nyenyeswa zina zoti isankhe.

Pali chinthu chimodzi chimene chimafooketsa ntchito yonseyi, ndipo sichili m'thupi la kachilombo. Ogula akuluakulu ndi mabungwe oona za miyezo, monga Malawi Bureau of Standards, amafuna kuona ndondomeko yolimbana ndi tizilombo, ndipo n'koyenera kutero. Koma pamalo ambiri ndondomekoyo imasanduka fayilo. Kampani yopopera imabwera kamodzi pamwezi, imathira mankhwala m'mphepete mwa makoma, imasiya satifiketi, woyendera akabwera n'kuonetsedwa pepalalo. Wopopera wachilungamo amalemba m'lipoti kuti pansi pa chitseko chakumbuyo pali mpata, mwezi wotsatira amalembanso zomwezo, chaka n'kutha mpatawo uli pomwepo, chifukwa kukonza chitseko ndi ntchito ya dipatimenti ina. Mgwirizano umene umalipira munthu malinga ndi malita amene wapopera sungamulimbikitse kupopera pang'ono. Kumene IPM yagwira ntchito, woyang'anira fakitale, wokonza makina, wosesa ndi katswiri wa tizilombo amayendera limodzi nyumbayo, ndipo chilichonse cholembedwa chimakhala ndi dzina la wochikonza ndi tsiku lake.

Mwini chigayo cha pamsika kapena gulu la alimi losunga soya ndi mtedza sangakwanitse makina otenthetsera nyumba, mwinanso misampha ya fungo imene imachokera kunja. Koma zambiri mwa zimene mafakitale akuluakulu amalipira akatswiri kuti awauze zili m'manja mwake kale. Angathe kutsegula chigayo kumapeto kwa sabata n'kukolopa ufa womatirira kuseri kwa sefa. Angathe kuchotsa mulu wa madeya umene umagona pakona mpaka ogula a nkhumba atabwera. Ndipo mu Epulo, mbewu zatsopano zisanalowe, chipinda chikadali chopanda kanthu, angathe kusesa kuyambira kudenga, kutentha zinyalalazo, kumata ming'alu, ndi kutulutsa chimanga chotsala cha chaka chatha kuti chisagone pamodzi ndi chatsopano. Matumba akale, amene amagulidwa pamsika atanyamulapo mbewu za anthu ena, amafunika kutembenuzidwa, kukutumulidwa ndi kuviikidwa m'madzi owira asanalandire njere imodzi, chifukwa anankafumbwe ndi mphutsi za njenjete zimabisala m'misoko.